Kukonzanso Kompyuta Zakale za Anthu Osaona

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, ndiyo pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta ambiri m'masukulu ndi m'maofesi. Kompyuta zotere sizinafe tsiku lomwelo iai. Ziyakabe ndi kugwira ntchito monga kale. Chimene chinatha ndicho zigamba zimene kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi kudzatseka mipata yolowera mavairasi ndi mbala za pa intaneti, kupatula kwa iwo amene analembetsa padera kuti awaonjezere nthawi. Nyumba ilipobe, koma mmisiri wokonza maloko wachoka.

Nkhaniyi ikhudza onse okhala ndi kompyuta, koma ilemera koposa kwa anthu osaona, pakuti kwa iwo kusintha kochitika mosasamala kukhoza kusandutsa kompyuta yabwino kukhala bokosi losalankhula.

Mmene wosaona agwirira ntchito

Munthu wosaona sayang'ana pa galasi la kompyuta, ndiponso sasowa mausi. Iye adina mabatani, ndipo pulogalamu yowerenga imuuza mokweza zonse zolembedwa pa galasipo. Zodziwika kwambiri zilipo zitatu. JAWS inatuluka pa Windows m'chaka cha 1995, ndipo njogula. NVDA njaulere, anaiyamba Michael Curran m'chaka cha 2006, nathandizana ndi James Teh, onse awiri anthu osaona a ku Australia. Yachitatu ndi Narrator, imene ibwera ili kale m'kati mwa Windows.

Tsono pulogalamu yowerenga siyenda yokha. Itsamira pa Windows monga denga litsamira pa nsichi. Windows ikakalamba, okonza mapulogalamu ena aileka mmodzimmodzi. NVDA yotsiriza kugwira pa Windows XP inali ya 2017.3, ndipo yotsiriza pa Windows 7 inali ya 2023.3. Nayo Chrome, yotsegulira intaneti, inalekeza pa nambala 109 kwa okhala ndi Windows 7. Kotero mwini kompyuta yakale aona kuti masamba ena a pa intaneti ayamba kukana kutseguka, ena awerengeka mosokonekera, kufikira ntchito imene anali kuichita yekha ifuna womuthandiza.

Kodi kompyuta yakale nkuitaya?

Iai, iyambe yayesedwa. Windows 11, imene inatuluka mu October 2021, ifuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ifunanso purosesa yatsopanoko. Kwa makina a Intel, kawirikawiri ndi ya mbadwo wachisanu ndi chitatu, imene inayamba kutuluka mu 2017, kapena yapambuyo pake. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check inena ngati kompyuta ikwanira. Ikakwanira, kuchoka pa Windows 10 yovomerezeka kunka pa Windows 11 salipira kanthu.

Kompyuta ina vuto lake nkuchedwa chabe, kotero kuti mwini wake adina batani nadikira mawu. Kwa wosaona kuchedwa kumeneku nkowawa, chifukwa sadziwa ngati batani lagwira kapena iai. Mankhwala ake ndiwo kuonjezera RAM ndi kuchotsa disiki yakale yozungulira, nkuikapo ya mtundu wa SSD. Mtengo wake uchepa kutalitali poyerekeza ndi kugula kompyuta ina. Koma zimenezi siziipatsa TPM kompyuta imene ilibe.

Yokanika Windows 11 ili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuikamo Linux, monga Ubuntu, imene njaulere ndipo ili ndi pulogalamu yake yowerenga dzina lake Orca. Koma mabatani ena a Orca asiyana ndi a NVDA, ndipo JAWS ndi NVDA sizigwira m'menemo. Choncho mwini wake ayambe wavomera kuphunziranso. Njira yachiwiri ndiyo kuisiya monga iliri, koma kuichotsa pa intaneti, kuti ikhale yophunzirira kutaipa ndi kuwerenga mabuku osungidwa kale. M'kalasi kompyuta yotere ikhoza kutumikirabe zaka.

Nthawi ya chete

Choopsa chachikulu chili pakati pa ntchito, pamene Windows yakale yachoka ndipo yatsopano isanakhazikike. Pamenepo mawu aleka. Woona awerenga pa galasi nadziwa pamene zafika; wosaona angomva kulira kwa fani. Chifukwa chake zinthu izi zikonzedwe ntchito isanayambe.

Makalata, mabuku ndi zolemba zonse zikopedwe pa flashi, pakuti kuika Windows mwatsopano kukhoza kufafaniza zonse.

NVDA ilola kupanga kope loyenda nalo pa flashi, lokhala ndi liwu ndi liwiro limene mwini wake anazolowera. Kopelo lipangidwe kompyuta yakale ikali kulankhula. Wogwiritsa JAWS afunse kaye ngati laisensi yake ilola JAWS yogwira pa Windows yatsopano.

Pakhale mahedifoni olowa pa USB. Nthawi zina Windows ikangoikidwa kumene sipika za kompyuta sizilira, koma mahedifoni otere kawirikawiri agwira pomwepo.

Batire la laputopu likhale lodzaza, ndipo ntchito isayambe pa nthawi imene magetsi azolowera kuzima.

Chiyambire 2017 Narrator itha kulankhula pamene Windows ikuikidwa: adine pamodzi Ctrl, batani la Windows ndi Enter. Pa Ubuntu, Orca iyamba ndi batani la Windows, Alt ndi S. Ndi zimenezi wosaona achita yekha mbali yaikulu ya ntchitoyo. Malo amodzi okha akhalabe chete pa makompyuta ambiri, ndiwo BIOS, kumene asankhira kuti makina ayambire pa flashi, ndi kumene ayatsira TPM ikakhala yozimitsa. Apo pafunika munthu woona.

Mawu kwa aphunzitsi ndi othandiza

Wothandizayo ntchito yake ndiyo kuwerenga mokweza zonse zili pa galasi, asalande mabatani. Mwini kompyuta ndiye adziwa mapulogalamu amene adalira, ndipo wosintha zinthu osamufunsa amuonongera za zaka zambiri m'ola limodzi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Sukulu yolandira makompyuta a mphatso ifunse zitatu: muli Windows yanji, itha kulandira Windows 11 kodi, ndipo mawu atuluka? Ntchito yokonzanso isayesedwe yatha chifukwa galasi lawala. Yatha pamene mwini wake wayatsa yekha, wamva liwu lake lija, watsegula kalata yake yakale, nalemba ina popanda womugwira dzanja.