Kutikita minofu ndi ululu wa msana: zomwe kafukufuku wapeza

Anthu ambiri okhala ku Area 15 mumzinda wa Lilongwe amagwira ntchito za muofesi ku Capital Hill ndi ku City Centre. Tsiku lawo limathera pampando: m'galimoto m'mawa, pakompyuta masana onse, m'galimoto kachiwiri madzulo. Msana ndi khosi zikayamba kuwawa, ena amamwa panado, ena amathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha monga ankachitira makolo, pomwe ena amapita kokatikitidwa minofu m'mahotela ndi m'masaluni a mumzindawu. Kafukufuku akuonetsa kuti kutikita minofu kumathandizadi, koma thandizo lake lili ndi malire, ndipo pa matenda ena kumavulaza.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika 843 miliyoni pofika 2050. Mwa odwala ambiri, madokotala sapeza fupa lothyoka kapena matenda odziwika. Ululu umachokera m'minofu ndi m'mfundo za msana, ndipo apa ndi pomwe kutikita kumagwira ntchito.

Mmene kutikita kumachepetsera ululu

Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu usanafike ku ubongo umadutsa pamalo ena mumtsempha waukulu wa mumsana, pomwe ungathe kuchepetsedwa. Khungu likasisitidwa kapena kupanikizidwa, uthenga wa kukhudzako umaphimba wa ululu. N'chifukwa chake munthu akagunda chigongono pachitseko amachisisita osaganiza n'komwe. Kuonjezera apo, minofu yokungika imamasuka, mtima umagunda modekha, ndipo ambiri amagona bwino usiku umenewo. Koma zonena kuti kutikita kumachotsa poizoni m'thupi zilibe umboni.

Zotsatira za kafukufuku

Mu 2011 gulu la Daniel Cherkin ku Seattle, m'dziko la America, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 401 omwe msana unali ukuwapweteka kwa nthawi yaitali. Ena ankatikitidwa kamodzi pa sabata kwa masabata 10, ena ankangolandira thandizo la nthawi zonse. Pakutha pa masabatawo, otikitidwa anali ndi ululu wochepa ndipo ankagwira ntchito zawo mosavuta kuposa anzawo. Patatha chaka, kusiyana kwa maguluwa kunali kutachepa kwambiri. Anapezanso kuti kutikita wamba kopumitsa thupi kunathandiza mofanana ndi kutikita kwaukatswiri kolunjika pa minofu yovutayo. Choncho mtengo wokwera sutanthauza thandizo loposa.

Mu 2015 bungwe la Cochrane linaunika pamodzi kafukufuku 25 wokhudza anthu 3,096. Linapeza kuti ululu umachepa kwa kanthawi kochepa, kuti mavuto obwera chifukwa chotikita ndi aang'ono, koma kuti umboni wake ndi wofooka. Mu Disembala 2023, WHO inaika kutikita minofu m'gulu la njira zomwe zingaperekedwe kwa wodwala msana kwa miyezi yoposa itatu, koma ngati gawo chabe la thandizo, limodzi ndi mafizo komanso kuphunzitsa wodwala za vuto lake.

Tanthauzo lake kwa wogwira ntchito muofesi ndi lakuti kutikita kumapereka mpata woti thupi liyambenso kuyenda. Akabwerera pampando womwe uja kwa maola asanu ndi atatu osadzuka, ululu umabwereranso. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku, kudzuka pampando pafupipafupi ndi mafizo olimbitsa minofu ya msana ndi pamimba ndi zomwe zimakhalitsa.

Chimodzimodzi pa kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi vutoli. Munthu akatikitidwa, BP imatha kutsika pang'ono kwa kanthawi, koma zimenezi sizilowa m'malo mwa mankhwala.

Pomwe kutikita kuli koopsa

Si ululu wa msana uliwonse womwe umachokera m'minofu. Kuno kwathu chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana n'kuwadya pang'onopang'ono. Wodwala akataya miyezi akutikitidwa, mankhwala amachedwa ndipo miyendo ikhoza kufa ziwalo. Munthu apite kuchipatala, osati kokatikitidwa, ngati msana ukuwawa limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda. Ngati miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha. Ndiponso ngati ululu unayamba atagwa kapena atachita ngozi.

Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa, mwina magazi aundana mumtsempha. Izi zimachitika kawirikawiri mayi akangobereka, munthu akachitidwa opaleshoni, kapena akakhala nthawi yaitali m'basi monga paulendo wa ku Johannesburg. Kutikita mwendo wotere kukhoza kusuntha magazi oundanawo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu angafe. Pabala, pachotupa, pakhungu lodwala, pomwe paluma njoka ndi pamimba pa mayi woyembekezera sipoyenera kupanikizidwa. Omwe akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin ayambe afunsa dokotala.

Kopeza thandizo

Sukulu ya College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa madokotala a mafizo, ndipo iwowa amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ku Lilongwe amapezeka pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central komanso m'zipatala zina zolipira. Dokotala wa mafizo amayamba wayeza wodwala asanamugwire msana, zomwe kusaluni sizichitika kawirikawiri. Ululu ukapitirira masabata asanu ndi limodzi, kuyezetsa kuyenera kubwera poyamba, kutikita pambuyo.