NGOLO ZA MATABWA ZA GRESLEY: TEAK PAMWAMBA, CHITSULO PANSI

Awerengi athu ambiri akamva za sitima ya pamtunda amayamba kuganiza za mutu wake, uja wofuka utsi ndi kuliza mluzu. Koma munthu wapaulendo sakhala m'mutu wa sitima ayi. Iye amakhala m'ngolo, zimene ena amazitcha mabogi, ndipo tsiku la ngozi moyo wake umatsamira pa m'mene ngoloyo inapangidwira. Lero tifotokoza za ngolo za matabwa zimene zinkayenda pa njanji yochokera ku London kunka ku Edinburgh, m'dziko la Britain, ndi za mmisiri amene anazilinganiza, Nigel Gresley.

Gresley anabadwa m'chaka cha 1876. Mu 1905 anamuika kukhala woyang'anira ntchito yopanga ngolo pa kampani ya Great Northern Railway ku Doncaster, ndipo pamene makampani angapo anaphatikana mu 1923 nakhala London and North Eastern Railway, iye ndiye anakhala mkulu wa amisiri onse a makina. Ngolo za mtundu wake zinapangidwa kwa zaka zoposa 30, makamaka ku Doncaster ndi ku York.

MTENGO WA KU BURMA

Matabwa ake anali a mtengo wotchedwa teak, ndipo ambiri ankachokera ku Burma, dziko limene tsopano likutchedwa Myanmar. Kumeneko mtengo sankaudula wauwisi, pakuti wauwisi umamira m'madzi. Ankayamba ausema kuzungulira tsinde lonse, nausiya chiimire zaka zingapo kuti uume. Ukauma ankaugwetsa, njovu zoweta n'kukokera zipikazo kumtsinje, ndipo madzi ankazitengera kumunsi kufikira ku doko la Rangoon.

Kodi n'chifukwa ninji ankavutikira mtengo wakutali chotere? Teak ali ndi mafuta akeake m'kati. Saola msanga ndi mvula, sapindika kwambiri nyengo ikasintha, ndiponso sadyetsa dzimbiri misomali ndi mabawuti monga umachitira mtengo wa oak wa ku Ulaya. Mmisiri amene anagwirapo mlombwa akudziwa kukoma kwa thabwa lotere.

Ngolo zambiri za sitima zothamanga zinali zotalika mapazi 61 ndi mainchesi 6. Akalipentala ankayamba ndi kuimika nsanamira ndi mipingasa ya teak, ataiboola ndi kuilowetsana bwinobwino. Pamwamba pa mafupa amenewa ankayalapo matabwa opyapyala: a kunsi kwa mazenera ankagona chopingasa, a pakati pa mazenera ankaimirira, ndipo pokumana matabwa awiri ankakhomapo kathabwa kakang'ono kuti madzi asalowe. Denga linali la matabwa ofewa, lokhota ngati uta, lokutidwa ndi nsalu yolimba yopakidwa utoto woyera.

Kunja kwa ngolo sankabisako ndi utoto. Ankapaka vanishi, ikauma n'kupalapala kuti pasalale, n'kupakanso, kambirimbiri, kufikira mizere ya mtengowo inkaoneka ngati ili pansi pa galasi. Pomaliza pankabwera mmisiri wolemba manambala ndi dzina la kampani ndi zilembo za golide. Ndicho chifukwa chake panalibe ngolo ziwiri zofanana ndendende maonekedwe ake.

ZIMENE MASO SANKAONA

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ngolo zambiri zakale zinalidi zotero. Pa 22 May, 1915, pamalo otchedwa Quintinshill ku Scotland, sitima yonyamula asilikali inaombana ndi inzake, ndipo posakhalitsa sitima yachitatu yothamanga inagunda zophwanyikazo. Ngolo za asilikaliwo zinali zachikale, zambiri za matabwa mpaka kuphaka kwake, ndipo nyale zake zinkayaka ndi gasi wosungidwa m'mathanki kunsi. Zinaphwanyika, gasi n'kuyaka, ndipo anthu oposa 200 anafa. Kufikira lero imeneyi ndiyo ngozi ya sitima imene inapha anthu ambiri koposa m'dziko la Britain.

Ngozi imeneyi inachitika pa njanji ya kampani ina, koma ikutionetsa bwino zimene Gresley ankazipewa. Ngolo zake za matabwa zinkakhala pa phaka la chitsulo, lolimbitsidwa ndi zitsulo zina kunsi kuti lisagonje pakati. Ku mapeto onse awiri kunali kangolo ka mawilo anayi kotha kutembenuka pa ngodya za njanji, kokhala ndi masipuling'i ochepetsa kugwedezeka. Pang'onopang'ono nyale za gasi zinachoka, nalowa magetsi ochokera ku dayinamo yoyendetsedwa ndi lamba womangidwa ku chitsulo cha mawilo. Mu 1921 anapanganso sitima yopita ku Leeds yokhala ndi khitchini lophikira magetsi.

Koma chachikulu chinali cholumikizira ngolo. Makampani ambiri a ku Britain ankamanga ngolo ndi ngowe ndi unyolo wachitsulo. Sitima yotere ikagunda chinthu, ngolo imodzi inkakwera, phaka lake n'kulowa m'ngolo inzake, n'kumeta zipinda pamodzi ndi anthu okhalamo. Njanji ya ku Edinburgh inali itayamba kale kugwiritsa ntchito cholumikizira chochokera ku America chotchedwa buckeye, ndipo Gresley anachisunga nachifalitsa. Chimenechi chimafanana ndi manja awiri ogwirana zala zitapindidwa. Ngolo zikakankhana chimadzitseka chokha, ndipo pa ngozi chimagwira ngolozo kuti zikhalebe pamzere umodzi.

ULEMU NDI MAYESO

Pa 1 May, 1928, sitima yotchedwa Flying Scotsman inayamba kuyenda kuchokera pa siteshoni ya King's Cross ku London kufikira ku Edinburgh osaima paliponse, mtunda wa mailosi pafupifupi 393, m'maola 8 ndi mphindi 15. Ngolo zake zinali za teak. Munali modyera, chipinda chopumulira amayi, ngakhalenso chipinda chometera tsitsi. Umenewu ndiwo unali ulemu wa ngolozi.

Mayeso ake anafika pa 10 December, 1937, ku Castlecary, pakati pa Edinburgh ndi Glasgow. Kunja kukugwa chipale chofewa, sitima yothamanga yochokera ku Edinburgh inagunda kumbuyo kwa sitima ina imene inali itaima. Anthu 35 anafa. Chiwerengero chimenechi n'chomvetsa chisoni ndithu, koma ofufuza za ngoziyo anaona kuti, poganizira liwiro la sitimayo, akufa akadachuluka koposa pakadapanda maphaka achitsulo ndi zolumikizira zija, zimene zinaletsa ngolo zambiri kulowana. Anaonanso chimene aliyense akadaona: thabwa, lingakome chotani, likagundidwa mwamphamvu limasweka.

KUTHA KWA NYENGO YA MATABWA

Gresley anamwalira mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, ndipo chaka chotsatira Japan analanda Burma, teak n'kusowa. Nkhondo itatha, wolowa m'malo mwake, Edward Thompson, anapanga ngolo zokutidwa ndi malata achitsulo, koma amisiri ankazijambula ndi utoto kuti zioneke ngati teak, pakuti maso a anthu anali atazolowera. Njanji zonse zinalowa m'manja mwa Boma mu 1948, ndipo mu 1951 zinatuluka ngolo zatsopano zachitsulo zotchedwa Mark 1. Zimenezi zinatenga cholumikizira cha buckeye chomwe chija. Ngolo zotsiriza za Gresley, zogulitsiramo tiyi ndi zakudya, zinapuma pa ntchito mu 1977.

Zina mwa ngolozi zilipobe. Anthu odzipereka anazikonzanso, ndipo zimanyamula alendo pa njanji zosungira mbiri monga Severn Valley Railway. Wokaziona amasirira vanishi ndi mizere ya mtengo wa ku Burma, ndipo sitimunena. Koma wofuna kudziwa chifukwa chake Gresley amalemekezedwa awerame, ayang'ane kunsi kwa ngolo ndi pakati pa ngolo ziwiri. Matabwa anatha ntchito, koma phaka lachitsulo, magetsi ndi cholumikizira cholimba ndizo zimene opanga ngolo anapitiriza nazo.