Sitolo ya nsomba zokongoletsera m'nyumba izigulitsanso nzeru

Munthu wa ku Chileka kapena ku Lirangwe m'boma la Blantyre amene akufuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi ali ndi chintchito, chifukwa Malawi alibe nyanja yotero. Nsomba ngati clownfish, yomwe idatchuka ndi kanema wa Finding Nemo mu 2003, imayenera kubwera pa ndege ili m'thumba la madzi ndi mpweya. Nchifukwa chake woweta amafuna zambiri kwa wogulitsa kuposa nsomba yokongola chabe.

Choyamba ndi madzi. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo si wa kukhitchini koma wosakanikirana ndi michere ina yambiri. Madzi a pampopi, omwe bungwe la Blantyre Water Board limapopa mu Shire pa Walker's Ferry nkudutsitsa pa Chileka, amathiridwa mankhwala a chlorine, amene amateteza anthu koma amapha nsomba. Nawo a pamjigo, ngakhale atamveka kamchere pakamwa, sangalowe m'malo mwa a m'nyanja. Choncho sitolo yodalirika imakhala ndi mchere woyenera, madzi osefedwa bwino komanso zipangizo zopimira madziwo.

Chachiwiri ndi magetsi. Nsombazi zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 27 komanso pampu yoyendetsa madzi usana ndi usiku. Magetsi akathima kwa maola angapo, mpweya umachepa ndipo nsomba zogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani zitha kufa usiku umodzi. Wogulitsa wachilungamo amayamba wafunsa ngati wogula ali ndi sola kapena batire.

Chachitatu ndi kudekha. Thanki yatsopano imafuna milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti muswane tizilombo tabwino timene timachotsa poizoni wochokera m'zitosi za nsomba. Nayo nsomba yongotsika ndege imayenera kuyamba yasungidwa payokha, chifukwa matenda ngati a timadontho toyera amafalikira thanki yonse. Wogulitsa amene amati "dikirani kaye" ndiye amasunga kasitomala.

Palinso lamulo. Kulowetsa m'dziko muno nsomba zamoyo kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za usodzi. Nsomba yamchere singakhale moyo mumtsinje wa Lirangwe, koma nsomba ndi zomera zachilendo za m'madzi opanda mchere zingathe. Namasupuni, yemwe amavutitsa malo opangira magetsi mu Shire, kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsera.

Chodabwitsa nchakuti kukongola kumene ena akukufuna kunja kuli konkuno. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zimasakidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo kampani ya Stuart Grant ku Senga Bay ku Salima idayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970. Nsomba zomwezi ndi zina mwa zimene zidachititsa kuti mu 1984 bungwe la UNESCO liike paki ya Lake Malawi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Mbuna sizifuna mchere wogula ndi ndalama zakunja ndipo nzopirira, ngakhale zimakonda ndewu zikasowa miyala yobisalamo. Kwa woyamba kumene, sitolo yabwino ndi yomwe ingamuuze mosabisa kuti ayambire pamenepa.