Njinga ya munthu mmodzi, miyendo ya mudzi wonse

M'midzi yambiri ya chigawo chino cha Africa, njinga yakapalasa imakhala ndi mwini mmodzi koma oikwera ndi ambiri. Lero yapita kuchigayo, mawa kumsika, mkuja kuchipatala. Kubwerekana kotereku kumapeputsa moyo wa mabanja, komanso kumatha kudanitsa anansi ngati sanamvane za kasamalidwe kake.

Pamsika wa Lizulu m'boma la Ntcheu, msewu waukulu wa M1 umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique. Tsiku la msika, njinga zimayamba kufika kusanache kuchokera m'midzi ya mbali zonse ziwiri, zitasenza matumba a mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi madengu a matimati. Dzuwa likapendeka, njinga zomwezo zimabwerera ndi katundu wina: mchere, shuga, sopo, mafuta ophikira, usipa, thumba la feteleza, mwinanso malata opinda bwino. Zoterezi zimaonekanso ku Jenda m'boma la Mzimba, ku Chipata m'dziko la Zambia, ndi ku Quelimane m'dziko la Mozambique, mzinda umene umadziwika ndi kuchuluka kwa njinga zonyamula anthu.

Koma si onse opalasa njinga zimenezi amene ali eni ake. Wina wabwereka kwa mlamu wake, wina kwa mnzake wa kukalabu ya alimi. Wina wakwera yake, koma theka la katundu ali pakeliyala ndi wa anansi amene amutuma. Motero njinga imodzi imagwira ntchito ya mabanja atatu kapena anayi, popanda kalata iliyonse yolembedwa.

Phindu lake ndi nthawi

Mlimi amene msika uli pa mtunda wa makilomita 12 kuchokera kwawo amayenda maola pafupifupi atatu wapansi atasenza katundu, ndi maola enanso pobwerera. Tsiku lonse latha, kumunda sikunapondedwe. Panjinga, ulendo womwewo umatenga pafupifupi ola limodzi ngati njira ili bwino. Pamutu munthu amasenza ndowa imodzi, monga makilogalamu 20. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 limalira maulendo awiri kapena atatu, kapena anthu angapo ogawana. Njinga imalinyamula ulendo umodzi.

Kusiyana kumeneku kumaonekera m'thumba la mlimi. Wofika pamsika m'mawa amapeza ogula ambiri ndipo masamba ake amakhala asanafote. Wokhala ndi njinga angathe kudutsa vendala amene wakhazika sikelo pakhomo n'kukagulitsa mbewu zake kumene mtengo uli wabwinoko. Pogula zinthu zapakhomo, angathe kufika kusitolo yogulitsa mopikulitsa m'malo mogula pang'onopang'ono paokala, pamene mtengo umakwera. Alimi a ng'ombe zamkaka amaudziwa bwino mwayi umenewu, pakuti mkaka wochedwa kufika kumalo oziziritsira umasasa ndipo umakanidwa.

Njinga sidya mafuta. Pamene mtengo wa petulo wakwera, kapena mafuta asowa monga momwe zinachitikira ku Malawi mu 2011 ndi 2012, matola ndi njinga zamoto zimakweza mitengo kapena kuima kumene, koma yakapalasa imayendabe.

N'chifukwa chake banja lopanda njinga limaona wokhala nayo ngati chitsime. Ndipo mwini njinga nthawi zambiri sakana, podziwa kuti kupatsa n'kuika. Wobwereka lero ndi yemwe adzathandize kukolola, kufolera denga kapena kukumba manda.

Khasu lobwereka

Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Njinga zambiri za m'midzi ndi zotsika mtengo, zochokera ku India ndi ku China, ndipo zimayenda m'njira za miyala, mchenga ndi matope zitasenza katundu woposa mphamvu zake. Masipoko amaduka, limu imapindika, chubu chimaphulika, mapedulo amatsala chitsulo chokhachokha.

Mkangano umabuka pofunsa kuti wolipira ndani. Wobwereka amati njinga inali yotha kale. Mwini wake amati inachoka pakhomo ili bwinobwino. Ena, pochita manyazi, amabweza njinga usiku n'kuitsamiritsa pakhonde osanena kanthu, ndipo mwini wake amazindikira m'mawa ali pafupi kunyamuka. Zikachitika kawiri katatu, mwiniyo amayamba kunena kuti njinga yaphwa ngakhale ili ndi mpweya. Amene amavutika pamenepo si wowononga yekhayo, komanso mayi woyembekezera amene adzaifune pakati pa usiku.

Vuto lina ndi la m'banja momwe. Ntchito yosenza madzi, nkhuni, mgaiwa ndi zogula kumsika imagwera kwambiri amayi ndi atsikana, koma m'makomo ambiri njinga imatengedwa kuti ndi ya bambo. Si zachilendo kuona njinga itaimikidwa pamalo ochezera tsiku lonse, pamene mayi wa pakhomopo ali pa ulendo wa kuchigayo, thumba kumutu, mwana kumsana. Amayi ena sanapatsidwe mpata wophunzira kupalasa ali ana. Enanso amavutika ndi njinga yachimuna, yokhala ndi chitsulo chopingasa, imene ndi yovuta kukwera munthu atavala chitenje. Kubwerekana kwenikweni kuyenera kuyambira m'nyumba, pakati pa bambo, mayi ndi ana.

Zimene mabungwe aphunzira

Bungwe la World Bicycle Relief linakhazikitsidwa mu 2005, madzi a m'nyanja yamchere ya India atasefukira ndi kuwononga maiko angapo mu December 2004. Litagawa njinga ku Sri Lanka, linafika ku Zambia kumene linapereka njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'makomo. Kumeneko linaona kuti njinga zogula pamsika sizinkachedwa kuwonongeka. Izi zinachititsa kuti lipange njinga yakeyake yotchedwa Buffalo, ya zitsulo zolimba, masipoko onenepa ndi keliyala yotha kunyamula makilogalamu 100. Bungweli linayambanso kuphunzitsa okonza njinga a m'midzi momwemo ndi kutsegula masitolo a zipangizo, pozindikira kuti njinga yosowa sipeyala imasanduka chopachikapo zovala.

Pogawa njinga kwa ana a sukulu, bungweli limapereka zambiri kwa atsikana, ndipo komiti ya makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'mudzi ndiyo imasankha olandira ndi kuyang'anira kagwiritsidwe kake. Banja limaloledwa kugwiritsa ntchito njingayo pamene mwana sali kusukulu. Kafukufuku amene anachitika m'sukulu 100 za kummwera kwa Zambia mu 2017 ndi 2018 anapeza kuti kujomba kwa atsikana olandira njinga kunatsika ndi 28 pa 100 aliwonse, ndipo kuchedwa kufika m'kalasi kunatsika ndi 66 pa 100 aliwonse.

Ku Namibia, bungwe la Bicycling Empowerment Network Namibia, limene linayamba mu 2005, linatenga njira ina. Makontena obwera ndi njinga zakale zochokera kunja ankasandutsidwa masitolo ogulitsiramo ndi kukonzeramo njinga, oyendetsedwa ndi magulu a anthu a m'deralo, ndipo phindu linkathandiza ntchito za maguluwo. Ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre kunafika njinga zimene kale zinkagawa makalata ku Britain pansi pa Royal Mail, zokhala ndi malo oikapo katundu kutsogolo ndi kumbuyo. Makampani a Zambikes ku Lusaka ndi Sakaramenta ku Blantyre anadziwika popanga ngolo zokokedwa ndi njinga zonyamulira odwala.

Phunziro lotuluka m'ntchito zonsezi ndi limodzi. Kugawa njinga n'kosavuta. Chovuta ndi kuonetsetsa kuti ikuyendabe pakatha zaka zitatu. Ambulansi za njinga zina zaima m'midzi chifukwa cha tayala limodzi, popeza aliyense ankaziona ngati za bungwe ndipo panalibe thumba la ndalama zokonzetsera.

Kumanga katundu mosamala

Njinga zambiri zimawonongeka osati chifukwa cha kulemera kwa katundu kokha, koma kamangidwe kake. Okonza njinga ndiponso a kabaza odziwa ntchito yawo amatsata mfundo zingapo zimene aliyense angaphunzire.

Katundu wolemera ayenera kukhala pansi ndiponso pamwamba penipeni pa gudumu lakumbuyo. Akalendewera kumbuyo kwa keliyala, gudumu lakutsogolo limapepuka ndipo njinga imavuta kuwongolera. Ngati katundu angagawike, ndi bwino kumukoleka mbali zonse ziwiri molingana, m'madengu kapena m'zigubu zodula pamwamba. Zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza madzi ndi makilogalamu 40, ndipo zimayenda bwino zikakhala uku chimodzi uku chimodzi kusiyana ndi kuzisanjikiza.

Majumbo olendewera pahandulo ndi oopsa, chifukwa amakoka chiwongolero ndipo angathe kulowa m'masipoko. Malegeni amagwira katundu bwino kuposa chingwe, koma nsonga zake zisasiyidwe zikulendewera pafupi ndi tcheni. Mazira ndi matimati amafuna udzu wouma pansi ndi m'mbali mwa dengu. Mankhwala ophera tizilombo, parafini ndi feteleza zisamangidwe pamodzi ndi ufa, shuga kapena nsomba.

Asananyamuke, wokwera apope matayala mokwanira, pakuti tayala lofewa limatsina chubu likagunda mwala. Sipoko imodzi ikaduka ibwezeretsedwe msanga, zinzake zisanatsatire. Mabuleki ayesedwe katundu atamangidwa kale. Pamtsetse waukulu, makamaka kukagwa mvula, kutsika ndi kukankha njinga si mantha koma nzeru. Mwana wokhala pakeliyala akhale ndi popondera, chifukwa ana ambiri avulala zidendene mapazi atalowa m'masipoko.

Pamsewu waukulu ndi pamene pali imfa. Malipoti a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO akhala akuonetsa kuti, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye amataya miyoyo yambiri pangozi zapamsewu kuposa zigawo zina zonse. Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe magalimoto amayenda kumanzere, ndipo wapanjinga ayenera kuyenda kumanzere komweko, osati moyang'anizana ndi magalimoto. Katundu wotambalala monga malata ndi matabwa amangidwe motsata utali wa njinga. Wobwerera kumsika kutada akhale ndi nyali, zonyezimira kumbuyo ndi chovala chowala.

Pangano lisanafike vuto

Alangizi ndi atsogoleri a magulu angathandize kwambiri pobweretsa nkhani ya njinga pamsonkhano, mkangano usanabuke. Gulu la banki mkhonde, kalabu ya alimi kapena komiti ya zaumoyo ingathe kugula njinga yakeyake, kapena kumvana ndi mamembala amene ali nazo kale. Mulimonsemo, pali mfundo zofunika kugwirizana poyera.

Choyamba, njinga ikhale ndi woisunga mmodzi wodziwika, pamodzi ndi kope lolembamo dzina la wotenga, kumene akupita ndi nthawi yobweza. Chachiwiri, wobwereka ndi wosunga ayang'anire limodzi matayala, mabuleki ndi masipoko potenga ndi pobweza. Chachitatu, pa ulendo uliwonse wa malonda paperekedwe kangachepe kolowa m'thumba lokonzetsera, kaya ndi ndalama kaya ndi mbale ya chimanga. Kutha kwa matayala ndi tcheni kulipiridwe kuchokera m'thumbalo, koma kuwononga chifukwa cha kuledzera kapena kusenzetsa katundu wopyola muyeso kulipiridwe ndi wowonongayo. Chachinayi, ulendo wa wodwala ndi wa mayi woyembekezera ukhale patsogolo pa maulendo ena onse, ndipo usalipiritsidwe.

Gulu lingathenso kuika tsiku lophunzitsa amayi ndi atsikana kupalasa, kumata chubu ndi kumanga mabuleki. Pogula njinga yatsopano, lisankhe yopanda chitsulo chopingasa, imene aliyense angakwere, ndiponso imene zipangizo zake zimapezeka pamsika wapafupi. Mabanja oyandikana angathe kusonkhanitsa ndalama ndi mndandanda wa zogula, n'kumatuma munthu mmodzi mosinthana sabata iliyonse.

Mu 2018 bungwe la United Nations linakhazikitsa 3 June kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. M'madera ambiri tsikuli limafika anthu ali m'kati mokolola ndi kugulitsa mbewu, pamene m'thumba muli kangachepe. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoti gulu likhale pansi, liwerenge njinga zimene zili m'mudzi, lione zimene zaima ndi chimene chaziimitsa, ndi kugula matayala ndi machubu mvula isanagwe.