Kusankha Zakudya Zotolatola

Makokola ndi dera limene lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, pa msewu wopita ku Monkey Bay. Kumeneko n'kotentha, ndipo mitengo ya malambe imaoneka ponseponse. Anthu ambiri a m'derali ndi asodzi, alimi ndiponso ochita malonda. M'mawa asodzi akakocheza ngalawa zawo, usipa umayanikidwa pa matandala kuti uume. M'mbali mwa msewu muli timasitolo ndi maokala momwe mumagulitsidwa mabisiketi, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera.

Belu la nthawi yopuma likalira, ana a sukulu a ku Makokola amafuna kanthu koponya kukamwa. Mwana wina amathamangira ku okala kukagula bisiketi ndi chakumwa cha m'botolo. Wina amamasula kansalu m'mene amayi ake amuikira mtedza wokazinga ndi usipa. Onse awiri amadya, koma matupi awo sapindula mofanana. Zakudya zazing'ono zoterezi, zimene munthu amadya podikira nsima, zimatchedwa zakudya zotolatola. Kuzisankha bwino kumafuna nzeru.

Poyamba n'kofunika kudziwa zimene zimachitika chakudya chikalowa m'thupi. Mu ufa wa tirigu, ufa wa chimanga, mpunga, chinangwa ndi mbatata muli chinthu chotchedwa sitachi. Thupi limasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi n'kumapatsa munthu mphamvu. Ntchito imeneyi imayambira m'kamwa momwe. Munthu akatafuna kanyenyeswa ka buledi kwa nthawi yaitali osameza, amayamba kumva kutsekemera, chifukwa malovu ayamba kale kusandutsa sitachi kukhala shuga.

Motero zakudya za sitachi si zoipa ayi. Mwana amene akukula, amene amayenda mtunda wautali popita ku sukulu ndiponso kusewera mpira, amafuna nsima, phala ndi mbatata. Zakudya zimenezi ndi gulu limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo m'Malawi amaphunzitsa. Magulu ena ndi a nyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Vuto limayamba pamene mwana wadya phala m'mawa, bisiketi pa nthawi yopuma, nsima masana, mandasi madzulo ndi nsima usiku. Mwana wotere wadya gulu limodzi tsiku lonse, ndipo magulu enawo awamana malo. N'chifukwa chake n'kwabwino kuti zotolatola zizichokera m'magulu amene akusowa, ndipo zizikhala ndi sitachi ndi shuga wochepa.

Mabisiketi a m'sitolo amapangidwa ndi ufa woyera wa tirigu, shuga, mafuta ndi mchere. Mwa magalamu 100 alionse a mabisiketi, magalamu pafupifupi 70 ndi sitachi ndi shuga. Anthu ena amaganiza kuti mabisiketi amchere ndi abwino chifukwa satsekemera, koma nawonso ndi ufa wa tirigu womwewo, umene umasanduka shuga msanga ukangofika m'mimba. Munthu amamva kukhuta kwa kanthawi, kenaka njala imabweranso. Mwa magalamu 100 a mtedza, pafupifupi 20 okha ndiwo sitachi ndi shuga, ndipo pafupifupi 25 ndi zomanga thupi. Mu dzira ndi mu usipa sitachi mulibe n'komwe. Usipa umadyedwa ndi minga yake yomwe, ndipo mingayo imathandiza kulimbitsa mafupa ndi mano.

Shuga wochuluka amaononga mano ndiponso amanenepetsa mopitirira muyeso. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti shuga wothira m'zakudya azichepa. Kwa munthu wamkulu, muyeso wake ndi wosapitirira masipuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo masipuni 6 ndiwo abwino koposa. Mwana amafuna wochepa kuposa pamenepo. Komatu m'botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri zotsekemera muli masipuni 7 kapena 8 a shuga.

Pali anthu ena amene ayenera kusamala kwambiri, ndiwo odwala matenda a shuga. M'thupi la munthu muli timadzi totchedwa insulini, timene timathandiza shuga kuchoka m'magazi kupita kumene akufunika. Timadziti tikachepa kapena tikalephera kugwira ntchito, shuga amadzadza m'magazi, ndipo m'kupita kwa nthawi amaononga maso, impso ndi mapazi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita m'chaka cha 2009 adapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi matendawa. Mwana amene watumidwa ndi agogo ake odwala shuga kukagula chodyera tiyi angawathandize ngati akudziwa kusankha. Koma wodwalayo azitsata malangizo a kuchipatala, ndipo asamadzimane chakudya pamene akumwa mankhwala.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Paketi yokongola siuza munthu ubwino wa chakudya. Wogula wanzeru amatembenuza paketi n'kuwerenga kumbuyo kwake. Zinthu zimene zidaikidwa m'chakudyacho zimalembedwa motsatana, kuyambira chimene chachuluka koposa. Ngati ufa ndi shuga zili poyambirira, ndiye kuti ndizo zadzadza m'paketimo. Mawu a Chingerezi akuti Carbohydrate amatanthauza sitachi ndi shuga pamodzi, ndipo nambala imene yalembedwa pafupi ndi mawuwo ikakhala yaing'ono, ndiye kuti zinthuzo n'zochepa. Wogula amaonanso tsiku limene chakudyacho chidzathe mphamvu, ndiponso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 kuti liziyesa ubwino wa katundu. M'sitolo mumapezekanso zabwino, monga mtedza wa m'mapaketi ndi chambiko chosathira shuga.

Nanga zopangira pakhomo? Ubwino wake ndi wakuti wophika amadziwa chilichonse chimene wathiramo, ndipo kawirikawiri sizidya ndalama zambiri. Komabe si zonse zopangira pakhomo zimene zili ndi sitachi yochepa. Mandasi ndi ufa wa tirigu ndi shuga, zokazingidwa m'mafuta ambiri. Zitumbuwa ndi chigumu nazonso n'za ufa. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, koma akathiridwa shuga wochuluka popanga chakumwa, ubwino wake umabwera pamodzi ndi vuto. Zimene zimaposa zonse ndi mtedza wokazinga, nthanga za maungu zokazinga, dzira lowiritsa, usipa wootcha ndiponso chipatso chathunthu monga gwafa.

Mtedza nawo umafuna chisamaliro. Ukasungidwa pa malo a chinyezi umachita chuku, ndipo chuku chimatulutsa poizoni amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu satha ngakhale mtedza utakazingidwa. Choncho mtedza wonyala, wofumbwa, wosintha mtundu kapena wowawa uyenera kutayidwa. Mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu, chifukwa ungamutsamwe. Iye amayenera nsinjiro za m'phala.

Banja la ku Makokola lingathe kupanga mabisiketi akeake opanda ufa wa tirigu. Pamafunika makapu 2 a nsinjiro zosefa bwino, dzira limodzi, kamchere pang'ono ndi chitowe ngati chilipo. Wophika amasamba m'manja, n'kukanda zonsezi pamodzi mpaka zitagwirana. Kenaka amapapatiza mtandawo ndi botolo loyera mpaka utapyapyala, ndipo amaudula tizidutswa. Tizidutswato amatiyala mu poto wopaka mafuta pang'ono, n'kuika makala pansi ndi pa chivundikiro monga amachitira pophika chigumu. Moto uzikhala wochepa, chifukwa nsinjiro sizichedwa kupserera. Tikafiirira, amatiphula n'kutisiya kuti tizizire, ndipo amatisunga m'chitini chouma chotseka bwino. Ntchito ya pamoto imeneyi mwana aziichita pali munthu wamkulu.

Bisiketi ya m'sitolo si yoletsedwa. Kuidya mwa apo ndi apo, pa ulendo kapena pa chikondwerero, sikudwalitsa munthu. Chimene chimaumba thupi ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Mwana wa ku Makokola ali ndi mwayi, popeza usipa uli ku doko, mtedza uli mu nkhokwe, ndipo nkhuku zikuikira pakhomo. Akasankha zimenezi, amafika pa phunziro lomaliza njala isanamupweteke, ndipo kandalama kake kamatsala kogulira pensulo.

Mawu atsopano

sitachi, zotolatola, chuku, kupinimbira, kupapatiza, chambiko

Mafunso

1. Kodi Makokola ali m'boma liti?
2. Kodi zakudya zotolatola n'chiyani?
3. Kodi sitachi imasanduka chiyani ikalowa m'thupi?
4. N'chifukwa chiyani mabisiketi amchere sasiyana kwenikweni ndi mabisiketi otsekemera?
5. Tchulani zinthu zitatu zimene wogula ayenera kuona pa paketi ya chakudya.
6. Fotokozani kuopsa kwa mtedza wa chuku.
7. Kodi mwambi wakuti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" ukuphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

Lembani zakudya zotolatola zonse zimene mwadya sabata ino. Zigaweni m'magulu awiri: za m'sitolo ndi zopangira pakhomo. Chongani zimene zili ndi sitachi ndi shuga wochepa, ndipo kambiranani ndi anzanu zimene mwapeza.