PAIPI YA UTSI IKAFIIRA PA GALIMOTO YAKALE

Nkhani yathu lero iri ya galimoto, ndipo wina anena kuti, "Ine ndiribe galimoto, nkhaniyi si yanga." Koma taganizani. Pamene mutumiza mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo, kapena matumba a mtedza ndi soya ku msika wa Mgona, thukuta lanu la chaka chonse likwera pa galimoto ya munthu wina. Mwa magalimoto amene mubwereka ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 23, ena ndi akale ndithu, monga Peugeot 504, Land Rover ndi Datsun, oyenda ndi petulo. Paipi ya utsi, imene amakaniko aitcha ekizozi, idutsa pansi penipeni pa katundu wanuyo. Ikatentha kopitirira muyeso, moto suli patali.

Ekizozi iri yonse itentha, imeneyo ndiyo nchito yake. Koma chitsulo chiyamba kufiira mumdima chikapitirira madigiri 500, pamene madzi awira pa madigiri 100 okha. Chifukwa chake nthawi yabwino yoonera ndi madzulo. Galimoto ikangofika, dalaivala atsegule boneti, ndipo muyang'ane chitsulo chokhuthala chimene chigwirana ndi injini pamene payambira paipi. Dzina lake ndi manifodi. Kufiira pang'ono itangotha kukwera chitunda chachitali ndi katundu wolemera, nkotheka. Koma ikafiira galimoto itayenda pa msewu wosalala, kapena injini ikulira pamalo amodzi, pamenepo pali matenda. Zizindikiro zina ndi izi: pansi potentha mapazi, fungo la labala wopserera, kuphulika m'paipi ngati mfuti, ndi galimoto yofooka koma yomwa petulo wambiri. Dalaivala asakunamizeni ndi geji ya kutsogolo kuja. Geji imeneyo iyesa madzi a m'injini basi, za utsi sizidziwa.

Mutu wa nkhani ndi uwu. Petulo ayenera kupsa ndi kutheratu mkati mwa injini, mmene moto ukankha zitsulo zoyendetsa mateyala. Ekizozi ikafiira, ndiye kuti moto uli kuyakira panja. Ziri ngati nkhuni zoyakira kunja kwa mafuwa: mphika suwira, koma wokhala pafupi apsa miyendo. Tsono tifufuze chimene chiturutsa motowo panja, poyamba ndi zotsika mtengo.

Choyamba, ndipo ndicho chofala koposa, ndi kuchedwa kwa moto wa mapulagi, chimene amakaniko achitcha taimingi. Pulagi ikachedwa kuthetheka, petulo ayamba kupsa mochedwa, ndipo khomo loturukira utsi litseguka iye asanathe. Pa magalimoto akale nthawi imeneyi iyendetsedwa ndi disitibyuta, kachitini kamene kagawira moto ku mapulagi. Mapointi a mkati mwake akadyeka, kapena wina akatembenuza kachitiniko mongoganizira, taimingi isokonezeka. Pali msampha wina umene amakaniko opupuluma sauona. Injini ikathamanga, moto uyenera kufulumira nawo, ndipo mkati mwa disitibyuta muli tizitsulo tiwiri tolemera, tokokedwa ndi masipuling'i, tochita nchito imeneyo. Fumbi ndi dzimbiri zikatigwira, galimoto ilira bwino pa galaja, koma pa msewu moto uchedwa. Chomwechonso kapaipi kakang'ono ka labala kochokera ku kabureta kupita ku disitibyuta, kakang'aluka. Mukapita ku magalaja a ku Biwi, uzani makaniko ayese taimingi ndi nyali yake yoyesera, injini ikulira pang'ono ndiponso itathamanga. Wongomvera ndi khutu yekha, ine sindimkhulupirira kwambiri.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa petulo poyerekeza ndi mpweya. Kabureta isakaniza ziwirizi, ndipo petulo akachepa, chisakanizocho chipsa mochedwa ndi kuturuka chikali kuyaka. Chichititsa ndi litsiro m'tiziboo ta kabureta, sefa ya petulo yotsekeka, kapena gasiketi yong'ambika imene ilowetsa mpweya wakuba. Mukatchera khutu mumva kamluzu pambali pa injini. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu ndiye adzetsa litsiro lambiri. Palinso madalaivala amene atsina kabureta dala kuti asunge petulo. Asunga makwacha owerengeka, nawononga injini. Dziwaninso kuti kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno asakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa. Petulo wotere afuna kuti kabureta impatse njira yokulirapo pang'ono, osati yocheperapo. Ndiponso Lilongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yaikuru yamchere, kumene mpweya uli wopepuka. Kabureta yotsinidwa kuno ikatsikira ku Salima ipeza mpweya wochuruka, ndipo bvuto likula.

Mboni yosanama pa mlandu umenewu ndi pulagi. Injini itazizira, makaniko amasule mapulagi onse nawaike pamzere. Yabwino ioneka yofiirira ngati khungu la mtedza wokazinga. Yoyera ngati phulusa inena kuti petulo achepa. Yakuda ndi mwaye, kapena yonyowa, inena kuti petulo achuruka kapena pulagiyo siithetheka, ndipo petulo wosapsayo apita kukayakira m'paipi. Ikasiyana imodzi yokha ndi zinzake, bvuto liri pa chipinda chimenecho cha injini.

Chachitatu, njira ya utsi itsekeka. Sailensa, chitini chochepetsa phokoso chija, iwola mkati, makamaka galimoto ikagona dzinja lonse kudikira nyengo ya fodya. Kapena paipi iphwanyika pa mwala. Galimoto yotere ilira msanga koma ikana chitunda, ndipo utsi uturuka mofooka. Mankhwala ake ndi kukonza kapena kugula ina. Kudula paipi pakati si mankhwala, chifukwa utsi wamoto uturukira pansi pa katundu ndi pansi pa anthu, ndipo utsi umenewo uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo.

Chotsiriza ndi mavavu, timakomo ta m'injini. Injini zambiri zakale zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unali kuteteza pokhalira mavavu. Petulo wotere analeka kugulitsidwa m'maiko a kuno pofika 2006, ndipo zinachita bwino, pakuti mtovu uwononga ubongo wa ana. Koma tsopano pokhalira pake padyeka msanga, vavu ileka kutseka bwino, ndipo moto udutsa. Kuyesa kwake nkosabvuta: gwirizani kapepala kukamwa kwa paipi injini ikulira pang'ono. Kapepalako kayenera kukankhidwa kokha. Kakamayamwidwa kubwerera ku paipi nthawi ndi nthawi, kaikirani vavu. Kuyesa mipata ya mavavu kawirikawiri ndi nchito yaing'ono. Kusintha vavu yopsa kufuna kutsegula mutu wa injini.

Inu mafumu, pamene mudzi ubwereka galimoto ya maliro kapena ya katundu wa kalabu, musalole kusenzetsa mopitirira chifukwa chofuna ulendo umodzi. Masaka ndi zingwe zisalendewere pafupi ndi paipi. Mukamva fungo la kupsa panjira, dalaivala aime pa dothi loyera, osati pa udzu wouma, makamaka m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala. Anthu atsike, injini izimitsidwe, boneti itsegulidwe mosamala. Wina asathire madzi pa manifodi yofiira. Chitsulo chimenecho ndi chosungunula ngati cha mphika wa miyendo itatu, ndipo ching'aluka pomwepo. Dikirani chizizire chokha, ndipo mchenga ukhale pafupi.