Mtengo wa ku Mchinji ndi Nyale ya Magetsi

Mwana wa ku Mchinji akamatola nkhuni sadziŵa kuti mtengo ndi nyale ya magetsi ndi pachibale. Ndi udindo wa makolo ndi aphunzitsi kumlongosolera chibale chimenechi.

Mtsinje wa Bua umachokera m'boma la Mchinji ndi kukathira m'Nyanja ya Malaŵi ku Nkhotakota. Madzi a m'nyanjamo amatulukira mu Shire, m'mene amazunguza makina opanga magetsi pa Tedzani, pa Kapichira ndi pa Nkula, pamene ntchitoyi inayamba m'chaka cha 1966. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola nthaka ndipo mitsinje yodyetsa nyanja imaphwa msanga m'chilimwe.

Tsono phunziro liyambire pakhomo. Mwana adzionere yekha kuti Chitetezo Mbaula imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, kuti nyemba zoviika zimapsa msanga, ndiponso kuti zitsononkho za chimanga si zinyalala koma nkhuni. Aphunzire kuzimitsa zikuni nsima ikapsa. Nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, apatsidwe mbande yakeyake, aisamale kufikira itakula. Munthu amene analera mtengo saudula mwachisawawa.